Anati Sindine Katswiri Wovina

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo ndikalira mundipirire.

Ambiri mumandidziwa ngati mayi wa ku care home ya ku Finglas, uja amalowa m'tchalitchi maso ali psuu chifukwa cha shift. Koma ine ndine wovina, abale. Ku Blantyre ndinavina zaka zambiri m'gulu la magule, chimtali, chisamba, manganje, mpaka kumaphunzitsa anzanga. Ndikudziwa ena mwa inu mumati zimenezi n'zachikunja. Ndinamva, sindinakwiye.

Chaka chathachi kampani ina ya zovina ya ku America inaona vidiyo yanga n'kundiitana kuti ndikavine ndi kuphunzitsa kumeneko. Anati kuli viza ya anthu a luso lapadera, akatswiri oposa anzawo, ndipo petition, kalata yopempha vizayo, andilembera ndi iwo. Ndinati Mulungu wandikumbukira. Ndinauza mwana wanga Tadala kuti zosambitsa okalamba zatha, tikupita.

Kenako loya wawo anayamba kufuna umboni: nyuzipepala zotchula dzina langa, mphotho, makalata a akatswiri. Abale, kwathu nyuzipepala imangoti gulu lakuti linavina bwino. Dzina la mayi wa mzere wachiwiri amalilemba ndani? Mphunzitsi wanga, amene akanandiikira kumbuyo, anamwalira ine ndili ku hostel ya asylum, ya anthu opempha malo okhala m'dziko lino, ngakhale kumaliro sindinapite. Loya anati basi ndikonze show konkuno ku Dublin, ndiitane atolankhani.

Ndinavomera. Ndikaweruka, msana ukuwawa ndi kunyamula odwala, ndinkakwera basi kupita kuholo ina ku Drumcondra kukayeserera. Bondo linkandichenjeza, linkandichenjeza ndithu, ine n'kumangolimanga nsalu. Tsiku la show anthu anadzaza. Ng'oma zitafika pakolemera ndinadumpha, ndipo potera ndinamva m'bondomu kuti tswa. Ndinagwa pamaso pa atolankhani amene ndinawaitana ndekha.

Anandichita opaleshoni kuchipatala cha Beaumont. Dokotala anandiuza modekha kuti kuyenda ndidzayenda, koma kudumpha ndiiwale. Ndili chigonere kunyumba, loya anaimba foni kuti petition ija aboma la America aikana, akuti sitinasonyeze kuti ndine katswiri. Kampani ija inapepesa, n'kutenga munthu wina.

Mvetsani, abale. Ndavina moyo wanga wonse, koma munthu amene sanandionepo pabwalo anakhala mu ofesi n'kugamula kuti ndine munthu wamba. Mawu amenewo anandilowa kuposa ululu wa bondo. Ndinasiya kudya. Ndinasiya kusamba. Ndinasiya kupemphera. Amayi busa, mukukumbukira, munkagogoda ine ndili chete m'katimo, makatani otseka.

M'mawa wina Tadala atanyamuka kupita kusukulu, ndinasonkhanitsa mapilisi anga onse patebulo la pafupi ndi bedi. Sindinena zambiri, muno muli ana. Tadalayo anabwerera pa bus stop, akuti mtima unangomukana kukwera. Analowa, anaona, sanakuwe. Tadala mumamudziwa, ukamuyankhula Chichewa amayankha Chizungu. Tsiku limenelo anagwada pafupi nane, n'kundigwira dzanja, n'kunena m'Chichewa chake chopotokacho kuti, "Amayi, musandisiye ndekha kuno."

Ndiye anaimbira amayi busa, ndipo ananditengera kwa dokotala wanga, GP, tsiku lomwelo. Sindikubisani: ndikumwa mankhwala, ndimakaonana ndi counsellor, ndipo Mulungu akugwira ntchito momwemo. Ngati pali wina pano amene watseka makatani ngati mmene ndinachitira ine, ndipezeni tikaweruka.

Musadikire kuti ndinene kuti viza ija yabwera. Sinabwere, ndipo ku America sindipita. Kuntchito ndabwerera masiku ochepa pa week, andipatsa zopepuka. Bondoli limatupa kukazizira, ndipo dziko lino mukulidziwa, silisiya kuzizira. Pena ndikamva ng'oma pa foni ndimazimitsa msanga. Koma ndili moyo, abale. Ndili moyo, ndipo mwana wanga ali ndi mayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anabweza mwana uja panjira. Ndikuthokoza amayi busa, ndi amayi amvano amene munkasiya chakudya pakhomo osatopa. Tsopano kondwani nane. Akwaya, yambitsani nyimbo yothamanga. Imirirani nonse, ndi inu abusa omwe. Ine mwendo sulola, ndikhala pampandopa n'kumaomba m'manja. Mundivinire inuyo. Amen.