Anandichotsa Mawu mu Filimu ya Loboti Yathu

Achinyamata anzanga a m'gulu lathu la mapemphero, mtendere wa Ambuye ukupezeni kulikonse kumene mukuwerengera. Ndine Taonga wa ku Kanyama, uja amakhala kumbuyo m'tchalitchi osatsegula pakamwa. Ambiri mukudziwa kuti ndili ndi chibwibwi. Lero ndasankha kulemba, poti cholembera sichikakamira pakhosi, kuti mumve mmene anandichotsera mawu anga ndi mmene Mulungu anandibwezera.

Kusukulu kwathu tili ndi kalabu ya maloboti. Chaka chino tinapanga loboti yokoka mapulasitiki m'ngalande, chifukwa kuno mvula ikagwa madzi amalowa mpaka kunsi kwa bedi. Kamota kake tinachotsa m'makina akufa osindikizira mapepala amene tinatola kotayira zinyalala ku Chunga. Dzanja lokokera ndinalumikiza ndine. Aphunzitsi athu, ba Zulu, anati tipange filimu yaifupi yoonetsa loboti, kuti a makampani aione atithandize zipangizo. Anasankha ine kuti ndifotokoze, poti dzanjalo ndimalidziwa bwino. Ndinaopa, ndinapemphera, kenako ndinavomera.

Anabwera ba Kelvin, wojambula mavidiyo wa m'tauni. Tinajambulira pa ngalande ya pamsika, pafupi ndi thebulo la bana Chanda, mayi wa ku Kopala, dera la migodi, amene amagulitsa tomato ndi kapenta. Ndinalankhula. Liwu loti Kanyama linandikanira, misozi inalengeza m'maso, koma ndinamaliza zonse zimene ndinakonzeka kunena.

Filimu itabwera, ndinaona milomo yanga ikuyenda koma mawu sanali anga. Ba Kelvin anagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ija amati AI, imene imatha kupanga mawu ndi kusintha zithunzi. Inandiika m'kamwa Chingerezi chosalala cha mtsikana amene sanapondepo matope. Anzanga anaomba m'manja, ndipo wina anakuwa kuti, "Taonga, manje wapola!" Ndinaseka nawo kuti asaone kanthu. Nditafika kunyumba ndinalira mpaka mutu kuwawa, n'kulemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku kuti ku kalabu sindidzapondanso. Mulungu ndinamuuza mosabisa: Munandiumba chonchi ndinu, nanga makina akukonzerani bwanji ntchito yanu? Ngati mawu anga ndi zinyalala, ndiuzeni Inu nokha, osati kompyuta.

Yankho silinandipeze m'tchalitchi. Linandipeza amayi atandituma tomato. Pa thebulo la bana Chanda ndinapeza ba Zulu ndi ba Kelvin akuwaonetsa filimu pa foni, kuti avomere nkhope yawo ionekemo. Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona kale.

Bana Chanda anayang'ana foni, anayang'ana ngalande, n'kuyang'ananso foni.

"Iyi ni Kanyama ya kuti? Vinyalala vili kuti?"

Ba Kelvin anati anaiuza pulogalamu iyeretse chithunzi kuti a makampani asanyansidwe. Apa m'pamene tinaona chimene tsiku lija kukongola kwa filimu kunatibisira. Mapulasitiki onse anali atafufutidwa, madzi akuda atasanduka oyera ngati a m'botolo. Loboti yathu inkakoka ndi mphamvu, dzanja n'kutuluka lopanda kanthu.

"Manje ka loboti kanu kagwila nsomba?" anafunsa bana Chanda, ndipo azimayi a pamsika anafa nacho chiseko. Kenako nkhope ya bana Chanda inasintha. "Nanga uyu akamba ni ndani? Uyu mwana nimuziba ine. Akabwela kugula, nimayembekeza asilize kukamba, makasitomala bali pa laini. Imwe na kompyuta yanu mwakangiwa kuyembekeza? Ngati mwachosa mau yake, na nkhope yanga muchosemo."

Ba Kelvin anakanda m'mutu, n'kutembenukira kwa ine. "Iwe Taonga, ufuna bwanji?"

Chiyambire nkhani yosintha mawuyi palibe amene anandifunsapo.  Lilime linauma pa liwu loyamba, ndipo ba Zulu anatsegula pakamwa kuti andimalizire, koma bana Chanda anakweza dzanja. Msika wonse unandidikira.

"Bwezani mau yanga," ndinatero pamapeto pake. "Na vinyalala vonse."

Ba Kelvin sanakwiye ayi, anapepesa. Anakonzanso filimu, ndipo pulogalamu ija anaigwiritsa ntchito pochepetsa phokoso la mabasi ndi polemba mawu anga m'Chingerezi pansi pa chithunzi, basi. Musaganize kuti ndimadana ndi makina. Ndimawapanga ndi manja anga, ndipo mawa ndidzapanga ena. Koma makina achotse pulasitiki m'ngalande, asachotse munthu pamalo pake.

Tsiku loonetsa filimu yokonzedwayo kusukulu, nditakakamira pa liwu lija m'filimumo, anyamata ena kumbuyo anaseka. Kale ndikanabisa nkhope m'manja. Ulendo uno ndinatembenuka n'kuwayang'ana mpaka anazolika okha.

Sindikunena kuti ndachira. Chibwibwi ndikadali nacho, ndipo a makampani sanayankhebe. Koma ku kalabu ndinabwerera, ndipo loboti ikagwira botolo lakuda m'filimu muja, amene akufotokoza ndine. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe ndi bingu koma ndi mayi wogulitsa tomato. Bana Chanda, Ambuye akudalitseni inu ndi thebulo lanu.

Iwe amene akufuna kukusalaza kuti uoneke bwino pamaso pa anthu, usavomere msanga. Pemphera, lira ngati ukufuna, koma usachoke pamalo pako. Amene anakuumba sachita nawe manyazi.

Filimu ija ndaiika pansipa. Mukafika pa liwu loti Kanyama mudzadikira pang'ono. Dikirani, ndimamaliza.