Nkhono Ziwiri za Bambo Mulepa

Mafumu, abusa, adzukulu ndi nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano, ndisanawerenge mbiri mumve kaye izi. Dzulo masana, mtembo uli m'nyumba, alamu anga a Elson Mulepa anakweza sipika imodzi ya amuna anga pa pikapu n'kukaisiya kwawo ku Milonde. Akuti poti masipikawo ndi awiri, imodzi ndi ya akuchimuna, ina ya ine. Anagawa ngati zidebe. Ine Dainess, mkazi wa malemu, mbiriyi ndalemba ndekha kuti mudziwe chimene agawacho.

Malemu athu, Bambo Gabriel Mulepa, anabadwa pa 9 Meyi 1957 ku Milonde. Sukulu analekeza Sitandade 7, koma makutu okha Mulungu anawapatsa a digiri. Mu 1976 analowa ntchito ya ukalipentala ku esiteti ya tiyi. Tsiku lina anawatuma kukakonza chitseko kunyumba kwa bwana wamkulu. Ali mkati mopala anamva mayi akuimba pabalaza, iwo n'kuvula chipewa, n'kuodira. Pabalazapo panalibe munthu, panali masipika awiri ochokera kunja. Chitseko cha tsiku limodzi anachikonza masiku atatu.

Pa 14 Ogasiti 1982 tinamanga ukwati woyera, iwo n'kubwera chikamwini kuno ku Chonde. Apa mpamene ndinadziwa kuti ndili pamitala, mkazi mnzanga ndi sipika. Ankati masipika a pamsika saimba, amangokuwa, chifukwa mawu otuluka kumbuyo amatsekeredwa m'bokosi n'kumangogunda ngati munthu amene amutsekera m'diramu. Mu 1994 anapanga yopanda bokosi, thabwa lokha loimirira ndi sipika pakati. Mawu anayera ngati madzi a m'phiri, koma besi kunalibe. Anayesa ya mtsuko, inaphulika. Anayesa ya mpope wa madzi, agalu a mudzi wonse anauwa. Anthu ankaseka, ine ndinkakalipa, iwo ankangopala matabwa.

Atapuma pantchito mu 2013 anayamba kupanga sipika ziwiri zija mumazitcha nkhono, n'kuzimaliza mu 2016. Iliyonse ndi yaitali kufika paphewa panga, ya matabwa a mbawa. Kasipika kake n'kamodzi kokha, kukula kwake ngati kambale ka ndiwo, chifukwa ankati mawu a munthu sadulidwa patatu kuti ena apite uku ena uko. Kumbuyo kwa kasipikako kuli njira yoyamba yopapatiza ngati mkono, n'kumapita ikukula, ikupindika ngati chigoba cha nkhono. Mutaiwongola ikhoza kukwana mamita atatu. Mawu akumbuyo aja, m'malo mofera m'bokosi, amayenda m'njiramo akukula, n'kudzatulukira pakamwa pake ali besi yoti imakugwira pachifuwa koma yosagwedeza malata. Mkatimo anaikamo thonje la m'pilo yanga, ndipo mpaka lero sanabweze. Kabatire ka njinga yamoto kamaimbitsa tsiku lonse.

Tsiku loyamba anandikhazika pampando pakati pa ziwirizo, n'kundiuza kuti nditsinzine. Abale anga, ndinamva woimba akukoka mpweya asanayambe. Ndinamva chala chikutsetsereka pa waya wa gitala. Mawuwo sankachokera kumanzere kapena kumanja, ankachokera pakati, pamene panali khoma lokha. Ndinatambasula dzanja kuti ndimukhudze munthuyo. Kuyambira tsikulo sindinakalipenso. Aphunzitsi, abusa, ngakhale anthu a magalimoto ochokera ku Blantyre ankabwera kudzakhala pampando umenewu, ena n'kutuluka akupukuta maso. A Elson sanakhalepo n'kamodzi komwe. Ankati zamisala.

Mu 2019 malemu anajambula kwaya ya mpingo wathu ndi mamaiki awiri, amayi kumanzere, abambo kumanja. Mukaimva pa nkhonozo mukhoza kuloza kuti uyu waima apa, uyu apo. Ine ndimamveka wachitatu kuchokera kumanzere.

Matenda a shuga anayamba kuwavuta mu 2021. Maso anasiya kuona mu Juni chaka chino, makutu okha anatsala. Anagonekedwa m'chipatala milungu iwiri, ndipo anatisiya Lolemba pa 7 Okutobala 2024, ali ndi zaka 67. Asanatisiye anapempha chinthu chimodzi, ana akumva: potuluka m'nyumba, nkhono zonse ziwiri ziime pakhomo, ziimbe kwaya ija, kuti andimve ndikuwaperekeza.

M'mawa uno tayesa yotsalayo. A Elson anatenga yakumanzere. Mukumveka abambo okhaokha akung'ung'udza, amayi mulibe, ine mulibe.

Malemu asiya ine mkazi wawo, ana atatu, Rosie, Ganizani ndi Takondwa, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, amayi a mpingo amene agona nafe, adzukulu amene akumba nyumba ya malemu, ndi anzawo a ukalipentala amene akhoma bokosi mmene iwo akanafunira. Bambo Mulepa, mwagwira ntchito, Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.

Koma bokosi silinyamuka pano. A Elson, mwakhala apo pansi pa mtengo wa mango, pikapu yanu ili pamsewu. Mukafuna mpando, njinga, zipangizo zonse za ukalipentala, tengani, sindilira nazo. Adzukulu ndawapempha, avomera kudikira mpaka mutapita ku Milonde n'kubwera. Mupita kukatenga sipikayo, kapena achimwene anu apite kumanda osandimva? Imirirani mundiyankhe, anthu onsewa akumva.