Chulu Chimene Anagumula a Makwinja

Linali Loweruka lachiwiri la mwezi wa Juni, chimanga chili m'nkhokwe, chiperoni chikuwaza kuyambira m'mawa, pamene a Makwinja, mphunzitsi wa mpira pa koleji yathu ya aphunzitsi, anafika pabwalo atasenza makasu. Ine ndinali mlonda wa pageti, ndipo zonse ndinalemba m'kope ili mukulionali.

Bwalo limene mumathamangapo lero, ana inu, linali ndi chulu pakati penipeni, ndipo matimu a ku Blantyre ankakana kubwera, amvekere sangasewere m'munda. A Saidi, ophika a pakoleji, anaseka nati, "Kodi achimwene, mwabwera kudzaphunzitsa mpira kapena kudzagwira ngumbi?" A Makwinja anangoti, "Zonse ziwiri. Gwirani khasu."

Chulucho chinagwa dzuwa lisanapendeke, ndipo pamalo pomwepo mphunzitsiyo anaumba timu imene inabwera ndi chikho katatu. Sankaika masewero Lachisanu masana kapena Lamulungu m'mawa, kuti wa kumzikiti ndi wa kutchalitchi yemwe asasowe, ndipo mnyamata wolephera mayeso ankakhala pabenchi ngakhale akhale womwetsa zigoli. Aphunzitsi ambiri a ku Namitambo ndi ku Nchema anadutsa m'manja mwawo.

Koma lero ndikumva kuti Lolemba akuluakulu a koleji akhomapo chikwangwani, bwalolo litchedwe dzina la bwana wa sitolo ku Limbe, chifukwa anagula maukonde a magolo. Maukonde! A Makwinja ali moyo, akhala pakhonde ku Mbombwe maso atachita khungu, ndipo ngakhale kalata yowaitana sanaione. Wodya nyemba amaiwala, koma wotaya makoko saiwala.

Iwe Esinati, mdzukulu wanga, poti ndiwe mlembi wa bungwe la ophunzira, tenga kopeli. Usakatukwane munthu, usakakweze mawu. Ukapemphe mwaulemu mphindi ziwiri asanakhome msomali, ndipo ukawerenge tsamba ili monga lilili.

Analipo tsiku logumula chulu: a Makwinja, a Saidi ophika, a Nachisale, amene ankatunga madzi, Yusufu wa pagolo ndi mng'ono wake Amidu, Petulo wa ku Nchema, amene anadzitema chala, Lamesi, Jailosi, ndi ine mlonda.

Ukamaliza ukawapatse akuluakuluwo kopelo, dzina la bwana uja akalifune okha m'menemo.