Kalembera wa ku Springburn

Amalawi a ku Glasgow ali ndi lamulo limene anadzipangira okha, ndipo amaliopa kuposa chisanu: pa chikondwerero cha 6 Julaye, boma la kumudzi limene anthu ake awonjezeka kwambiri mumzindamu chaka chimenecho ndilo limatenga mbendera, ndipo woinyamula amakhala wamkulu m'zaka pa onse a m'bomalo. Zaka zitatu zotsatizana mbendera inapita ku Dowa, m'manja mwa a Fryson, zomwe a Goodwell a ku Ntchisi zinkawawawa mpaka m'mafupa. Ndiye Lamulungu lina mapemphero atatha, muholo ya tchalitchi ku Springburn, anakoka mpando n'kukhala maso ndi maso ndi mlembi wa gulu, Mayi Ketrina, munthu wokhulupirira kope lake kuposa maso ake.

"Amayi, tiuzeni zotsatira," anatero a Goodwell akutikita manja. "Suti ndagula kale."

"Dowa yawonjezeka ndi anthu anayi. Manesi aja anafika mu Febuluwale."

"Manesi! Chaka ndi chaka manesi! Kodi ku Dowako kwatsala wobaya jakisoni? Nanga Ntchisi?"

"Awiri. Alongo anu amene asamuka ku Leeds, a Betty ndi a Olivia."

"Awiri okha? Iii, tawerenganinso."

Mayi Ketrina ananyambita chala. "A Betty, mmodzi. A Olivia, awiri."

"Mwaiwala mzungu uja woyandikana nane nyumba, a Matthew. Anakhalako ku Ntchisi."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku atatu athunthu! Anakwera phiri, anadya therere, anatsegula m'mimba. Ameneyo si m'bale?"

"Fomu ikufunsa kwawo kwa munthu. Za m'mimba palibe malo ake."

A Goodwell anasendeza mpando, natsitsa mawu. "Chabwino. A Olivia ndi oyembekezera. Lembani ameneyo."

"Dzina?"

"Sanabadwe."

"Tsiku lobadwa?"

"Amayi inu, ndati sanabadwe!"

"Ndiye kuti mizere iwiri yatsala yosalemba. Fomu yosadzaza sindilandira."

"Koma mwawaona mmene akuyendera? Mwina ndi mapasa."

"Ndiye mafomu awiri osadzaza."

A Goodwell anadzuka, nazungulira tebulo kawiri, manja ali kumbuyo. Mtima unali utawawira ndithu.

"Vuto lanu ndi loti kwanu ndi ku Likoma, muno muli nokhanokha, simungamve ululu wake. Fryson! Mwana wa dzulodzuloli! Ine ndinayamba kukwawa iye asanabadwe, lero azindidutsa ndi mbendera, mphuno m'mwamba? Ndipo ku Dowako kuli chiyani? Fumbi ndi fodya basi!"

"Fumbi sitiwerenga, bambo."

Apo ndi pomwe nzeru inawagwera. Anaima chilili, chala m'mwamba.

"Dikirani! Ana a alongo angawo mwawaika kuti?"

Mayi Ketrina anatembenuza tsamba. "Atatu a a Betty ali ku Salima. Awiri a a Olivia ali ku Zomba. Anadzaza mafomu ndi abambo awo."

"Akamwini aja? Ha! Chiyambire liti mkamwini kukhala ndi ana? Ife Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake. Mwinimbumba ndine, malume awo. Ana asanu onsewo ndi anga!"

"Mayi a Jayden akudziwa zimenezi?"

"Aaa, musandiyambanitse ndi mkazi wanga! Ndikunena za mwambo!"

"Ndiye mukuti mwana azilembedwa kwawo kwa mayi ake?"

"Eya!"

"Mchewa aliyense?"

"Aliyense! Wamng'ono, wamkulu, wadazi, wandevu!"

"Ndilembe ngati lamulo?"

"Lembani. Osati ndi kapensulo kanuko, akamwini angadzafufute. Bolopeni! Woona za chikhalidwe m'komiti muno ndine, bweretsani ndisayine."

Anasayina siginecha yaikulu yodzaza theka la tsamba. Mayi Ketrina anatenga labala, nafufuta ana atatu ku Salima, awiri ku Zomba, n'kuwalemba ku Ntchisi ndi pensulo yawo ya masiku onse.

"Ntchisi yawonjezeka ndi seveni."

"Seveni! Ntchisi woyee!" A Goodwell anadula sitepe pakati pa mipando, jekete ikuuluka. "Mumuuze Fryson achapiretu mbendera, aisite bwinobwino!"

Koma labala anali asanabwerere patebulo.

"Mukufufutanso chiyani?"

"Jayden ndi Ava. Mayi awo kwawo ndi ku Dedza."

"Amenewo ndi ana anga obereka ndekha!"

"Mwati chiyambire liti mkamwini kukhala ndi ana."

A Goodwell anatambasula dzanja. Anawerenga zala mofulumira. "Seveni kuchotsapo awiri?"

"Faifi."

"Dowa?"

"Folo."

"Apite! Akadye kachewere ku Dedza! Ndiponso anawo ukawapatsa moni wa Chichewa amakuyankha Chingerezi cha kuno, chosamveka mutu wake. Tsekani kope, amayi, tatha."

Mayi Ketrina sanatseke. Ananolanso pensulo, nauzira tinyenyeswa pang'onopang'ono.

"Kwatsala fomu imodzi. Yanu."

"Yanga ili bwino kuyambira kalekale."

"Inali bwino pa lamulo lakale. Mayi anu dzina lawo?"

"Malemu a Nambewe."

"Kwawo?"

"Ku Ntchisi. Manda awo ali konko, pansi pa mtengo wa muwanga."

"Sindinafunse komwe agona. Ndafunsa kwawo."

Kunja basi inadutsa ikuthira madzi a mvula m'mbali mwa msewu. A Goodwell anayamba kuyang'ana denga ngati laonekera kumene lero.

"Anachita kutengedwa chitengwa. Bambo anga anakawapempha kwa makolo awo kuti akakhale nawo ku Ntchisi. Ndi zakale zimenezo."

"Anakawapempha kuti?"

"Cha uko, kufupi ndi malire."

"Dzina la malo?"

"Mponela," anatero chapansipansi.

"Mponela ili m'boma liti?"

"Ili m'mbali mwa msewu waukulu."

"Dowa," anatero Mayi Ketrina, labala n'kuyamba ntchito. "Inuyo, mmodzi. A Betty ndi a Olivia mimba imodzi ndi inu, atatu. Ana awo asanu amatsata amayi awo, eyiti. Kuphatikiza manesi anayi, Dowa yawonjezeka ndi thwelofu."

"Mayo ine! Nanga Ntchisi?"

"Chaka chatha munali sikisi. Mwachokamo inu, Jayden ndi Ava. Yatsika ndi atatu. Chiyambire kalembera wathu, palibe boma linatsikapo chonchi."

"Fufutani lamulolo!"

"Munati bolopeni."

"Ng'ambani tsambalo!"

"Kuseri kwake kuli anthu a ku Karonga."

"Nanga a Matthew? Mapasa aja?"

"Mapasa akabadwa ndi a ku Dowa. A Matthew abweretse dzina la mayi awo."

A Goodwell anagwera pampando ngati thumba la chimanga. Chisoni chinawagwira chenicheni: suti yagulidwa, anansi auzidwa kale, ndipo boma lawo alimaliza okha ndi siginecha yawo.

"Basi," anatero a Goodwell. "Fryson anyamulenso kachinayi. Ine tsikulo ndidzadwala."

"A Fryson sanyamula."

"Mwati?"

"Lamulo likuti wamkulu pa onse a m'boma lopambana." Mayi Ketrina anayendetsa chala pamzere. "A Fryson, Disembala 1961. Inu, Malichi 1961. Mwanena nokha kuti munayamba kukwawa iwo asanabadwe. Koma poti mudzadwala, ndilemba kuti..."

"Ndani adzadwala?"

A Goodwell anali ataimirira kale. Anakonza tayi, nasasa fumbi paphewa, nasuzumira m'kope muja ndi nkhope ya munthu waudindo.

"Amayi, manambala a Dowawa mwalemba ndi pensulo?"

"Monga mwa nthawi zonse."

"Bwerezani ndi bolopeni msanga. Anthu a ku Ntchisi ndimawadziwa ine, sachedwa kubwera kudzasokoneza mawerengero athu."