Chosowa Chimafunidwa

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Nkhani iyi sindinainenepo pagulu. Ngakhale mayi akunyumba, amene akundiyang'ana apowa, ankangodziwa pamwamba pake pokha.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi. Amayi anatsogola ndi anthu ena, ine ndinatsala ndi mlongo wanga Esinati, chitsirizira chathu, kamtsikana kosatha msinkhu. Tikuyandikira Entre Lagos, pafupi ndi malire, minga inamubaya kuphazi. Ine ndinali ndi thumba la chimanga pamutu. Ndinamukhazika pansi pa mtengo, ndinati ndikatule thumbali kutsidya kwa malire, ndibwere ndidzamubereke. Mfuti zinalira. Sindinabwerere, abale. Sindinabwerere.

Amayi atandifunsa, ndinati Esinati wasowa. Amayiwo anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo atagwira mawu amenewo. Mtendere utabwera tinabwerera kuno, ndipo ndinayamba kulima munda wa amayi. Mwambo wathu mukuudziwa: munda wa amayi ndi wa mwana wamkazi. Unali wa Esinati. Koma poti Esinati anasowa, ndinalima ine. Nandolo ankabereka, koma tulo ndinalibe.

Imvi zitamera ndinalowa sukulu ya akuluakulu ku Insaca. Ndevu zonsezi, ndikulimbana ndi choko! Tsiku lina pulofesola wathu, mphunzitsi amene ankatiphunzitsa, anati titchule mawu onena za kukhala wopanda kanthu. Wina anati kuchepekedwa, kumene timanena mwaulemu mchere ukatha m'nyumba. Wina anati kulandidwa, ngati mmene zinapitira mbuzi zathu pankhondo ija. Mayi wina anati kumanidwa, n'kuloza mwamuna wake amene anakhala kumbuyo, ati nyama amadyera kumsika, kunyumba amangobwera ndi fungo. Tinaseka mpaka misozi.

Ine ndinati kusowa. Pamenepo Abiti Saidi, mayi ogulitsa nsomba zouma, anati mawu amenewo anthu timawaononga. Ati nkhuku ikasowa umazungulira mudzi wonse, umasuzumira ngakhale m'miphika ya anzako.

"Chosowa chimafunidwa," anatero. "Ngati sunachifune, usamati chinasowa. Uziti unachitaya."

Anthu anaseka za miphikazo. Ine sindinaseke. Zaka zonsezo sindinafunsepo munthu ngakhale mmodzi. Ndinkaopa kumva kuti anafa. Ndinkaopanso, Mulungu andikhululukire, kumva kuti ali moyo, chifukwa cha munda uja.

Potuluka ndinawatsatira mayiwo. Ndinafunsa ngati kunyanja kwawo kuli mkazi amene anafika ali mwana, wopanda m'bale. Anati oterowo alipo ambiri, koma akafunsa kwa anzawo a nsomba. Mvula itayamba anandiitana pamsika. Ati kunyanja ya Chiuta kuli mayi wina amene anatoledwa panjira ndi banja la asodzi, dzina lake amati Asinati.

Ndinapalasa njinga kupita komweko. Njira yonse ndinkakonza mawu, ena a m'Baibulo. Ndinamupeza akuyanika nsomba pathandala, nkhope ya amayi yeniyeni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta manja pachitenje.

"Achimwene," anatero, "thumba lija mwatula?"

Abale, mawu onse aja anathawa. Ndinagwada padothi, tinalira, kenaka tinaseka, kenaka tinaliranso. Anandiuza kuti atakula anawoloka kukatifunafuna m'misasa, koma anapeza anthu atabalalika. Iye anandifuna ine. Ine sindinamufune. Ndinamuuza zonse, za mtengo uja, za amayi, za munda. Anati anandikhululukira kalekale, pamene anabereka mwana wake woyamba.

"Koma mundawo ndikuufuna," anatero. "Musaganize kuti misozi yaugula."

Lero mlongo wanga ndi Msilamu, ali ndi banja lake labwino. Ana ake amanditchula kuti amalume, ndipo amandithera chinangwa akabwera kudzakolola. Ine ndimalima kamunda ka mayi akunyumba, kakang'ono, koma sitinagonepo ndi njala. Tulo ndimagona moti mayiwa akudandaula za mkonono. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankhula kudzera pakamwa pa mayi ogulitsa nsomba. Aleluya!

Nditabwerako ku Chiuta kuja, m'mawa mwake ndinatenga khasu n'kupita kumunda womwe uja. Mnzanga woyandikana naye munda anafunsa kuti bwanji ndalawirira chotere, ndikuimba. Ndinati ndikupalira munda wa mlongo wanga.