Tikane wa Nkhonya Yofewa

Loweruka lina chakumasana, m'chaka cha 2006, a Gordon, telala wa ku Kawale, anatulukira pakhonde la golosale ina pa Biwi, pomwe a Grain ankakonzera mawotchi. A Grain kale anali lefali wa nkhonya, ndipo mu Lilongwe monse ndi iwo okha amene analawapo chibakera cha akatswiri onse awiri a heviweti omwe ankalimbirana tauniyi: Dan Hamala wa ku Chinsapo ndi Sipho Chiphaliwali wa ku Area 25.

"Wawa a Grain. Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo yankho lake ndikulidziwa kale."

"Nanga mwavutikiranji?" anatero a Grain osadzutsa mutu, kagalasi kali padiso.

"Mungotsimikiza basi. Nkhonya ya Dan ndi yoopsa kuposa ya Sipho. Eti?"

"Kuopsa poiona kapena pofika?"

"Pofika!"

"Pofika pati? Ya Dan inafika apa." Anagwira chibwano. "Ya Sipho inafika apa." Anagwira khutu. "Si malo amodzi."

A Gordon anakoka benchi, nakhala, natsitsa mawu.

"Tamverani. Anyamata awiriwa onse afunsira Tisunge, mwana wa mlongo wanga. Malume wake ndine. Mmodzi ndiyenera kumukana."

"Tisunge akufuna uti?"

"Aaa, mwana wamkazi adziwa chiyani za nkhonya? Wokana ndine, ndipo nkhope yoyenda nayo m'tauni muno ndi yangayi. Munthu wanzeru amakana wa nkhonya yofewa."

"Ndiye mwakana uti?"

"Sipho. Ndamulembera kalata. Ndamuuza kuti kwathu ku Ntcheu sitikwatitsa mwana kwa munthu wa nkhonya za mandasi."

"Ooh," anatero a Grain.

"Ooh chiyani?"

"Ooh chabe. Ndamva."

"Chabwino. Tiyeni tione. Dan atakumenyani munagwa?"

"Ndinagwa. Ndimawalekanitsa ndi mnzawo, nkhonya n'kuphonya mwini wake."

"Nanga Sipho atakumenyani?"

"Sindinagwe."

A Gordon anawomba m'manja. "Mwaona! Ndimanena ine!"

"Ndinakodwa pazingwe. Anachita kudzandianula."

"Kukuanulani?"

"Ngati bulangete. Anthu awiri, wina uku wina uku."

"Komabe pansi simunafike. Zimenezo n'zimene ndafunsa."

"Pansi sindinafike. Ndi zoona."

"Basi. Chigoli chimodzi kwa Dan." A Gordon anapinda chala. "Tsopano mano. Dan anakuchotsani angati?"

"Awiri."

"Sipho?"

"Ngakhale limodzi."

"Ehe! Ziwiri kwa zilo!"

"Mbali imeneyo munalibe dzino loti n'kuchotsa. A Dan anali atadutsamo kale."

"Iiih, a Grain, musasokoneze nkhani."

"Munali oikirira. Amenewo ndiye anauluka. Anawatola mayi wina wogulitsa mtedza, mzere wachinayi."

"Oikirira sitiwerenga. Si anu amenewo, ndi a kuchipatala."

"Ndinawazolowera ngati anga."

"Ndati sitiwerenga!" A Gordon anapukuta thukuta ndi kansalu kotsala pa suti ya munthu. "Chabwino, tinene zenizeni za masewero. Dan atakugwetsani, munadzuka atawerenga zingati?"

"Palibe anawerenga."

"Bwanji?"

"Wowerenga ndinali ine."

A Gordon anayang'ana kumwamba ngati akupemphera.

"Ululu. Tikambe za ululu. Ya Dan inawawa?"

"Kwambiri. Sabata yathunthu ndikumwa phala ndi kapaipi."

"Ya Sipho?"

"Sinawawe."

"Pang'ono pomwe?"

"Olo pang'ono."

A Gordon anadzuka, nazungulira benchi akuvina pang'ono. "Mandasi! Ndinalemba zoona ine! Mandasi a dzulo, onyowa!"

"Masewero anali Loweruka. Ndinadzuka Lachiwiri."

Kuvina kunaima mwendo uli m'mwamba.

"Lachiwiri lake liti?"

"Lotsatira. Ululu unandipeza palibe, n'kubwerera."

"Mwina munali ndi tulo tanu kale. Ntchito ya ulefali ndi yotopetsa."

"Mwina. Koma nditadzuka ndinapatsa moni nesi m'Chitumbuka."

"Nanga cholakwika n'chiyani?"

"Ine Chitumbuka sindichidziwa."

A Gordon anakhalanso pansi, pang'onopang'ono. "Inu a Grain, bwanji simungoyankha ngati munthu? Yamphamvu ndi iti?"

"Sindingadziwe. Ya Dan ndinailandira 2002, ya Sipho 2005. Pakati pake ndinanenepa. Sikelo yasintha, ndiye muyeza bwanji?"

"Koma mumtima mwanu mukuona kuti ndi Dan."

"Mumtima sanandimenyemo aliyense."

"Mayo ine! Chabwino. Dan ndi hamala, aliyense akudziwa. Anakumenyani ndi dzanja liti?"

"Lamanja. Ndi mphamvu zake zonse, mpaka anabuula."

"Ehe. Sipho?"

"Lamanzere."

"Basi ndi wamanzere."

"Ayi, ndi wamanja. Lamanzerelo amangoyezera nalo mtunda. Lamanja linali m'mbuyo, likubwera. Mwamwayi linapeza nditachoka."

 Mawotchi ankagunda patebulo, iliyonse nthawi yakeyake.

"Ndiye kuti," anatero a Gordon ndi mawu aang'ono, "ija ya Lachiwiri ija inali yongoyezera?"

"Yongofunsira njira."

 A Gordon anadzuka, nakonza kolala, nkhope itasintha ngati ya munthu amene wapambana mlandu.

"Ndimanena ine."

"Mumanena chiyani?"

"Kuti mkamwini weniweni ndi Sipho. Mnyamata waulemu, wopemphera, wa kwaya. Dan ndi chiyani? Chidakwa cha ku Chinsapo."

"Mwanena kuti Sipho ndi mandasi."

"Mandasi ndi chakudya chabwino! Ana amakulira mandasi!" Anatulutsa foni m'thumba la jekete. "Kalata ija ndinapatsa a Abdullah, dalaivala wa minibasi ya ku 25. Anati akaipereka Lolemba. Ndikailanda madzulo ano, ndiing'ambe. Tsopano tione za Hamala."

"A Gordon..."

"Chete, mayunitsi ndi ochepa." Anaika foni kukhutu, dzanja lina m'chiuno. "Halo? Dan? Ndine malume ake a Tisunge. Iwe, za mwana wathu uiwale. Eee. Tapeza mwamuna, osati wogulitsa nkhonya za thonje ngati iwe. Ukuti chiyani? Ndili pa Biwi, pakhonde la a Grain, sindibisala ine. Ukafuna ukafunse mkamwini wanga Sipho!" Anadula, nabweza foni m'thumba mwamatama. "Mwamva? Nkhani timaitha choncho."

"Wati chiyani?"

"Akuti ali pa Kawale pompa, akubwera. Abwere. Ndingotchula dzina la Sipho, aona msana wa njira."

A Grain anatsegula kabokosi, natulutsa wotchi yaikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Lamba wake wachitsulo anali ataduka pakati.

"Iyi ndi ya a Sipho," anatero.

"Ya mkamwini wanga? Yatani?"

"Anabwera nayo m'mawa uno. Akuti amawerenga kalata, ndiye atafumbata dzanja lamba anaduka yekha."

"Kalata... kalata yanji?"

"Ya mandasi. Anandiwerengera kawiri. Muli ndi dzanja labwino polemba, a Gordon."

"Koma a Abdullah anati Lolemba!"

"Akuti anakumana pa depoti dzulo. A Abdullah anaona kuti asasunge katundu wa eni."

A Gordon anagwira mzati wa khonde. "Inu! Inu a Grain! Nthawi yonseyi mumadziwa? Bwanji osandiuza?"

"Munafunsa za mano, za kugwa, ndi za ululu. Za kalata simunafunse."

"Pamene ndimaimba foni paja!"

"Ndinati 'a Gordon.' Munati chete, mayunitsi ndi ochepa."

"Ndiye ndakana onse awiri?"

"Mmodzi polemba, mmodzi pakamwa."

"Anati chiyani Sipho? Anakwiya?"

"Sananene kuti wakwiya. Anangofunsa ngati ndikudziwa telala wina wa ku Kawale dzina lake Gordon."

"Munati simukundidziwa, eti? Munati simukundidziwa!"

"Ndikukudziwani. Ndinati Loweruka lililonse mumadutsa pano pokagula ulusi. Ndiye anati wotchi adzaitenga twelofu koloko."

"Pano nthawi ili bwanji?"

A Grain anayang'ana patebulo. "Pa iti? Iyi ikuti hafu naini, koma ndi yakufa. Iyi ikuti folo, mwini wake sanabwere chaka chino..."

"Yoyenda! Yoyenda bwino!"

"Yoyenda bwino ndi ya a Siphoyi. Kwatsala mphindi ziwiri."

A Gordon anatembenukira kumsewu. Minibasi inali itangoima, itapendekera mbali imodzi, ndipo itatsitsa munthu mmodzi yekha inawongoka: Dan Hamala, mabandeji akadali m'manja. A Gordon anatembenukira kumsika. Azimayi a tomato ankakoka madengu awo kupatsa njira Sipho Chiphaliwali, amene ankabwera osathamanga, kapepala kopindidwa bwino kali m'dzanja lamanja.

"A Grain, achimwene anga, ndibiseni. Pansi pa tebulo pomwepa."

"Pali mawotchi a anthu." A Grain ananyamula tebulo lawo mosamala, nalisunthira kukona, nachotsanso benchi kuti pakhale malo. Kenaka anavula kagalasi kaja, napukuta maso, nkhope ikuwala koyamba tsiku limenelo.

"Mukusekerera chiyani? Ndi nthawi yosekerera ino?"

"Chaka chonsechi anthu akhala akundifunsa funso lanu lija, ine osakhala ndi yankho," anatero a Grain. "Inu muzilandira zonse ziwiri tsiku limodzi, thupi lomwelo, sikelo yomweyo. Mukadzuka, a Gordon, mudzandiuze yamphamvu ndi iti."