Maola a M'mwamba

A Elliam, kalipentala wa ku Rivirivi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, anasasula denga lonse la mlamu wawo Sabina, mkazi wamasiye, kuti akhomepo malata. Lata lisanakwere ndi limodzi lomwe, munthu wamkuluyo anatsika pamakwerero n'kusolola pepala m'thumba, uku mitambo ikuda bii cha ku Balaka.

"Alamu, tandilemberani fomu iyi. Inu Chingerezi munachionako."

"Fomu ya chiyani?"

"Ya sukulu yoyendetsa ndege. Ukalipentala ndausiya."

"Mwausiya liti?"

"Pompano, ndili pakati pa makwerero."

Sabina anayang'ana nyumba yake ili yasa, mphasa ndi matumba a chimanga zili pamtetete.

"Nanga ine ndigona kuti?"

"M'nyumbamo. Makomatu sindinawakhudze."

"Alamu, imvi zili mbuu, ndege mwaiona kuti?"

"Kandege kanabwera kudzapopera thonje kaja. Woyendetsa wake atatsika ndinamuona. Dazi lake ndi langali, palibe kusiyana."

Sabina anatsomphola pepalalo, mtima ukuwira. Akanaling'amba, koma ankawadziwa a kubanja kwa malemu mwamuna wake: ukawakalipira amakhala pansi n'kumakumvetsera mpaka dzuwa kulowa.

"Akuti muli ndi laisensi yanji?"

"Ya njinga. Ndi khadi la chipani, la chaka chino. Lembani zonse."

"Akuti maso anu amaona patali?"

"Ndikakhala padenga ndimaona utsi wa sitima isanafike pasiteshoni."

"Nanga mvula ikubwera apoyo mukuiona?"

A Elliam anatchinga dzanja pachipumi.

"Ndikuiona bwinobwino. Lembani kuti maso ali bwino."

"Ineyo ndikunena denga."

"Afunsanso za denga?"

"Iyayi, ndikufunsa ndine."

"Zanu tikambe pambuyo, alamu. Tiyambe za azungu."

Sabina anabwerera papepala.

"Akuti munayamba mwachitapo ngozi?"

"Kawiri. Patchalitchi cha ku Ulongwe ndi pa sitolo ya a Enock. Koma konseko ndinafika pansi ndekha, popanda wondithandiza."

"Kumeneko ndi kugwa."

"Kutera, alamu. Kugwa ndi kwa ana."

Mphepo inakankha lata limodzi, linalira phwaa pabwalo. Sabina anatsitsa chala pamzere wotsiriza, ndipo pomwepo nzeru inamufikira.

"Apa ndiye mwalephera. Akuti mwakhala maola angati m'mwamba."

"Zaka makumi awiri ndili pamadenga."

"Ndi mboni?"

"Mboni yanjinso?"

"Akuti maola mazana awiri, atsopano, pali munthu pansi wokuonani n'kusayina."

Za mbonizo pepala silinanene, ngakhale mazana awiriwo, koma Sabina anagogoda pamenepo ndi chikhadabo ngati zalembedwa ndi inki yofiira.

A Elliam anavula chipewa.

"Ndiye mboniyo ndiipeza kuti?"

"Ine ndilipo. Denga ilo. Kwerani, ndiziwerenga."

"Alamu, Mulungu akudalitseni. Achimwene anakwatira munthu."

Anatola hamala, misomali kukamwa, n'kukwera ngati mnyamata. Sabina anawapatsira lata loyamba, akuseka chamumtima. Msomali woyamba unalowa. Sabina anadikira wachiwiri. Kunali zii.

Atabwerera m'mbuyo kuti aone, anapeza a Elliam atakhala bwinobwino pamtanda wapakati, miyendo lendee, wotchi ya m'thumba ili m'manja. Dontho loyamba linamugwera Sabina pamphuno.

"Alamu, khomani."

"Ndakhoma umodzi."

"Malata alipo makumi awiri ndi anayi, mvula iyi yafika."

"Ndawerengera kale. Ndikathamanga, denga ili ndi la maola asanu ndi limodzi basi. Ena onsewo ndikawapeza kuti?"

"Mukawapeza kwa eni madenga ena."

"Kulibe mboni kumeneko." A Elliam anayang'ana wotchi, n'kukweza kolala ya malaya. "Musachoke pamenepo, alamu, mungasayine zabodza. Msomali wachiwiri ndi wa folo koloko."